Ferdinand Pecora: mwana wa wosoka nsapato wa ku Sicily amene anaika eni mabanki a ku America pambalambanda

Banki yaikulu ikagwedezeka ku America, pali dzina limodzi limene limatulukanso m'manyuzipepala a kumeneko. Mu 2008 ndi 2009, chuma cha anthu chitasungunuka, olemba nkhani ndi andale ena ankanena kuti dzikolo likufunika Pecora wina. Wowerenga amene ali kutali angadabwe kuti Pecora ameneyu ndani. Sanali pulezidenti, sanali nduna, ndipo pa ntchito imene anatchuka nayo analibe mphamvu yomanga munthu ngakhale mmodzi. Anali loya wobadwira ku Italy, amene Nyumba ya Malamulo inkamulipira madola 255 pa mwezi kuti azifunsa eni mabanki pamaso pa anthu. Kuti timvetse chifukwa chake mafunso akewo akukumbukiridwabe, tiyenera kuyambira kumene anachokera.

Ulendo wochoka ku Sicily

Ferdinand Pecora anabadwa pa 6 Januwale 1882 m'tauni ya Nicosia, m'mapiri a pakati pa chilumba cha Sicily. Iyi si Nicosia ya ku Cyprus ija, mayina okha ndiwo akufanana. Bambo ake anali wosoka nsapato, ndipo banja lonse linasamukira ku New York mu 1886, iye ali ndi zaka 4.

Sanali okha pa ulendowu. Italy inagwirizana kukhala dziko limodzi mu 1861, koma chigawo cha kummwera, kuphatikizapo Sicily, chinatsalira mu umphawi. Minda yambiri inali m'manja mwa anthu ochepa, misonkho inali yowawa, ndipo mlimi wamba ankalima chaka chonse n'kutsala manja lende. Pakati pa 1880 ndi 1920, anthu a ku Italy pafupifupi 4 miliyoni anawoloka nyanja kupita ku United States. Ambiri anali amuna opita kukagwira ntchito ya manja n'cholinga chodzabwerera kwawo ndi kangachepe, monga momwe agogo athu ankapitira ku migodi ya ku Joni. Ena anabwereradi, ena anatchona. Banja la Pecora linapita losamukiratu.

Kumeneko sanalandiridwe ndi manja awiri. Anthu a kummwera kwa Italy ankaonedwa ngati mbuli ndi zigawenga. Mu 1891, mumzinda wa New Orleans, gulu la anthu linathyola ndende n'kupha anthu 11 a mtundu wa Italy amene ankaganiziridwa kuti anapha mkulu wa apolisi, David Hennessy, ngakhale khoti linali lisanapeze aliyense wolakwa. Mu 1924 boma linakhazikitsa lamulo lochepetsa obwera kuchokera kummwera ndi kum'mawa kwa Ulaya, ndipo chiwerengero cha a ku Italy ololedwa kulowa pa chaka chinatsikira pansi pa 4,000, pomwe zaka zochepa m'mbuyomo ankalowa oposa 200,000. Mwana wa wosoka nsapato uja anakulira mumpweya umenewu, m'dera la Chelsea ku Manhattan, mbali ya mzinda wa New York.

Chinthu chimodzi chinkasiyanitsa banjali ndi anzawo. Anthu ambiri a ku Italy ndi Akatolika, koma a Pecora ankapemphera mumpingo wa Episcopal, umene ndi mpingo wa Anglican wa ku America. Ferdinand anapita ku St. Stephen's College, imene lero ikutchedwa Bard College, kukakonzekera unsembe. Sanamalize. Bambo ake anavulala pa ntchito, ndipo iye anabwerera kunyumba kuti azikadyetsa banja.

Loya wa ku Italy, kapena loya wobadwira ku Italy?

Mawu awiriwa amasokoneza, koma kusiyana kwake n'kofunika. Malamulo a ku Italy anachokera ku malamulo a Aroma, ndipo analembedwa m'mabuku akuluakulu amene woweruza amayamba watsegula asanagamule. A ku America anachokera ku England, monganso a ku Malawi ndi ku Zambia: zigamulo zakale za makhoti zimakhala muyeso wa milandu yatsopano, ndipo maloya a mbali ziwiri amalimbana pofunsa mboni. Choncho munthu amene anaphunzira uloya ku Palermo kapena ku Rome sangangofika ku New York n'kuima m'khoti. Ali ngati dalaivala wodziwa bwino galimoto amene wafika m'dziko loyendera mbali ina ya msewu. Luso ali nalo, koma ayenera kuphunziranso ndi kulembanso mayeso. Komanso ku America chilolezo chogwirira ntchito ya uloya chimaperekedwa ndi chigawo chilichonse pachokha, osati boma lalikulu.

Pecora sanadutse m'njira imeneyo chifukwa anafika ali mwana. Anapeza ntchito ya ukalaliki mu ofesi ya maloya m'dera la Wall Street, kuchimake kwa mabanki akuluakulu ndi msika wa masheya, n'kumaphunzira ku New York Law School, ndipo anavomerezedwa kukhala loya mu 1911, ali ndi zaka 29. Maphunziro ake onse anali a ku America. Za ku Italy zimene zinamutsalira ndi dzina, nkhope ndi maso amene anthu ankamuyang'ana nawo.

Woimira boma pa milandu

Analowa ndale kudzera m'chipani cha Progressive cha pulezidenti wakale Theodore Roosevelt mu 1912, kenako anapita ku chipani cha Democratic. Ku New York chipanichi chinkayendetsedwa ndi gulu lotchedwa Tammany Hall, limene linkathandiza obwera kupeza ntchito n'kumayembekezera mavoti awo, ndipo linali ndi mbiri ya ziphuphu. Kwa loya wopanda achibale olemera, khomo limeneli ndilo linali lotseguka, ndipo kulowera pamenepo kunadzamutsatira mpaka ku ukalamba.

Mu 1918 anayamba ntchito mu ofesi ya woimira boma pa milandu ku Manhattan, ndipo anakwera mpaka kukhala wachiwiri wamkulu wa ofesiyo. Kumeneko ndi kumene anaphunzira chinyengo cha ndalama. Anatseketsa malo oposa 100 otchedwa bucket shop. Malowa ankaoneka ngati maofesi ogulitsa masheya, koma kasitomala akapereka ndalama, mwini wake sankagula sheya ngakhale imodzi. Ankangolemba m'buku n'kumadikira kuti mtengo utsike, kasitomala aluze. Kunali ngati kupatsa munthu ndalama kuti akakugulire mbuzi kumsika, iye n'kukupatsa kapepala kolembedwa kuti mbuzi ilipo, pomwe khola mulibe kanthu.

Mu 1929 chipani chake sichinamusankhe kuti apikisane pa mpando wa mkulu wa ofesiyo. Anachoka n'kuyamba ntchito yakeyake ya uloya, ndipo zinkaoneka kuti nkhani yake yathera pomwepo.

Msika utagwa

Sheya ndi kachigawo ka umwini wa kampani. Bondi ndi chikalata cha ngongole: mumabwereketsa ndalama kwa boma kapena kampani, iwo n'kulonjeza kubweza ndi chiwongola dzanja. M'zaka za m'ma 1920, anthu wamba ambiri ku America anayamba kugula zinthu ziwirizi, ena mwa ngongole, pokhulupirira kuti mitengo izingokwera. Mu Okutobala 1929 msika wa masheya wa ku New York unagwa. Muyeso wa mitengo ya masheya wotchedwa Dow Jones, umene unafika pa 381 mu Seputembala 1929, unali pa 41 mu Julayi 1932. Mabanki pafupifupi 9,000 anatsekedwa pakati pa 1930 ndi 1933, ndipo pofika 1933 munthu mmodzi mwa anayi alionse ofuna ntchito anali pa ulova. Nthawi imeneyo boma lalikulu linalibe inshuwaransi yoteteza ndalama zosungitsa, choncho banki ikatseka, anthu ambiri ankataya thukuta la moyo wawo wonse.

Kafukufuku wa Seneti si khoti

Apa ndi pamene ambiri amasokonezeka. Nyumba ya Malamulo ya ku America ili ndi zipinda ziwiri, ndipo chapamwamba ndi Seneti. Makomiti ake ali ndi mphamvu yoitanitsa munthu ndi mabuku ake, kumulumbiritsa ndi kumufunsa poyera, monga momwe makomiti a Nyumba ya Malamulo kwathu kuno amaitanira akuluakulu a mabungwe. Koma komiti siigamula mlandu ndipo siipereka chilango. Cholinga chake n'kudziwa chimene chinachitika kuti aphungu alembe malamulo abwino. Khoti limafunsa ngati munthu waphwanya lamulo. Komiti imafunsa ngati lamulolo ndi lokwanira.

Komiti ya Seneti yoona za mabanki inayamba kufufuza msika wa masheya mu 1932, koma maloya angapo anabwera n'kuchoka osaphula kanthu. Mu Januwale 1933, nthawi ya komitiyo itatsala pang'ono kutha, wapampando wake, Peter Norbeck wa chipani cha Republican wochokera ku South Dakota, anaitana Pecora. Ntchito imene ankayembekezera kwa iye inali yochepa, makamaka kumangiriza lipoti. Pecora anapempha kuti amulole kaye kuitana mboni zina.

Akuluakulu anati mlendo ndiye adza ndi kalumo kakuthwa. Kalumo ka Pecora kanali kosavuta kumvetsa. Asanafunse munthu, ankayamba wawerenga mabuku a munthuyo. Anapita iye mwini ndi anzake ochepa ku likulu la National City Bank, imene inali imodzi mwa mabanki awiri aakulu koposa m'dzikolo, n'kukhala pansi kuwerenga mfundo za misonkhano ya akuluakulu ake. Anali ndi mutu wosunga zinthu, moti ankatha kukumbutsa mboni tsiku ndi chiwerengero chimene mboniyo inkati yaiwala.

Masiku a Charles Mitchell

Pa 21 Febuluwale 1933, wapampando wa National City Bank, Charles E. Mitchell, anakhala pa mpando wa mboni. Anali munthu amene mapulezidenti ankamufunsa nzeru. Kunja zinthu zinali zitafika povuta: chigawo cha Michigan chinali chitatseka mabanki ake onse sabata yapitayo, ndipo anthu ankaima pa mizere kufuna ndalama zawo.

Zimene zinatuluka m'masiku otsatirawo zinali izi. Bankiyo inali ndi kampani yake ina, National City Company, yogulitsa masheya ndi mabondi. Munthu wosungitsa ndalama ku banki ankasanduka kasitomala wa kampaniyo, ndipo ankakhulupirira malangizo ake chifukwa cha dzina la banki. Kampaniyo inagulitsa mabondi a boma la Peru ndi a chigawo cha Minas Gerais cha ku Brazil, pomwe m'mafayilo ake munali makalata a antchito ake omwe ochenjeza kuti obwerekawa sakhulupirika pobweza ngongole. Ogula sanauzidwe zimenezo. Tiyerekeze msungichuma wa banki mkhonde amene ali ndi sitolo yake ya mbewu, amadziwa ndalama za membala aliyense, ndipo akulimbikitsa mamembala kugula mbewu imene iye wauzidwa kale kuti yafumbwa.

Mboni ina inali bambo wina wa m'tauni ya Pottsville ku Pennsylvania. Anali ndi madola pafupifupi 100,000, thanzi lake silinali bwino, ndipo ankafuna wina woti amusamalire chumacho. Anaona chilengezo cha kampaniyo m'magazini n'kulemba kalata. Wogulitsa anabwera, n'kuyamba kumugulitsa ndi kumusinthira mabondi ndi masheya, mpaka kumulowetsa m'ngongole. Mitengo itayamba kutsika anafuna kugulitsa, koma anamuletsa ndi mawu okoma. Anafika pamaso pa komiti atatsala wopanda kanthu.

Chimene chinawawa anthu kwambiri chinali cha m'kati mwa banki momwemo. Msika utagwa, bankiyo inapatula madola 2.4 miliyoni kuti ibwereketse akuluakulu ake, ambiri popanda chiwongola dzanja, kuti asataye masheya awo. Nthawi yomweyo makalaliki ndi antchito ang'onoang'ono, amene anagula masheya a bankiyo pa mtengo wokwera, ankadulidwabe malipiro mwezi ndi mwezi kulipira masheya amene mtengo wake unali utagwa kale. Mitchell mwiniwake anavomera kuti mu 1929 anagulitsa masheya 18,300 kwa munthu wa m'banja mwake, amene anali mkazi wake, n'kulembetsa kuti waluza madola pafupifupi 2.8 miliyoni, ndipo chaka chimenecho sanalipire msonkho ngakhale analandira ndalama zoposa 1 miliyoni. Pambuyo pake masheyawo anawagulanso.

Sabata isanathe, Mitchell anatula pansi udindo. Boma linamutengera ku khoti pa mlandu wozemba msonkho, koma mu Juni 1933 khoti linamupeza wosalakwa. Boma linatsata ndalamazo kudzera pa mlandu wosakhala waupandu, ndipo mu 1938 Khoti Lalikulu la dzikolo linagamula kuti alipire. Mfundo imeneyi ndi yofunika kuisunga: zambiri zimene Pecora anavumbulutsa sizinali zoletsedwa ndi lamulo la nthawiyo. N'chifukwa chake zinagwedeza dziko, pakuti anthu anaona kuti vuto linali m'malamulo momwemo.

Morgan ndi mndandanda wa okondedwa

Franklin Roosevelt atakhala pulezidenti mu Malichi 1933, komitiyo inapatsidwa mphamvu zowonjezera pansi pa wapampando watsopano, Duncan Fletcher wa ku Florida. Mu Meyi, J. P. Morgan Jr., mwini banki yolemekezeka koposa ku Wall Street, anabwera kudzafunsidwa. Zinadziwika kuti iye ndi anzake a m'kampanimo sanalipire msonkho wa pa malipiro mu 1931 ndi 1932. Lamulo linkalola, chifukwa analuza zambiri pa msika, koma kwa munthu wa pa ulova zinali zovuta kumeza.

Kunatulukanso mndandanda wa anthu amene banki ya Morgan inkawagulitsa masheya pa mtengo wotsika asanafike kwa anthu wamba. Masheya a Alleghany Corporation ankawapatsa pa madola 20 pomwe pa msika ankaposa 30. Pa mindandanda yotereyi panali pulezidenti wakale Calvin Coolidge, mkulu wa asilikali John Pershing, woyendetsa ndege Charles Lindbergh, ndi William Woodin, amene pa nthawi ya kafukufukuyo anali nduna ya zachuma ya Roosevelt yemweyo. A Morgan ankati imeneyi inali njira yopezera ogula odalirika. Otsutsa ankati inali njira yogulira ubwenzi wa anthu a mphamvu m'zipani zonse ziwiri.

Kenako panadza Albert Wiggin, mkulu wakale wa Chase National Bank, amene anapindula madola pafupifupi 4 miliyoni mu 1929 pobetcha kuti masheya a banki yake yomwe atsika. Njira yake ili ngati kubwereka thumba la chimanga mu Febuluwale, kuligulitsa mtengo uli pamwamba, kudikira nthawi yokolola, kugula lina motchipa n'kubweza kwa mwini wake, phindu n'kutsala m'thumba mwanu. Pa chimanga palibe cholakwika. Funso linali lakuti, kodi mkulu wa banki angapindule bwanji ndi kugwa kwa banki imene walembedwa ntchito kuti aiteteze?

Si onse amene ankakondwera ndi Pecora. Seneta Carter Glass, katswiri wa malamulo a mabanki, anadandaula poyera kuti kafukufukuyo wasanduka chionetsero. Manyuzipepala, ngakhale omuyamikira, ankakonda kufotokoza khungu lake, tsitsi lake ndi ndudu yake, kukumbutsa owerenga kuti wofunsayu ndi wobwera. Mu Juni 1933 nkhope yake inali pachikuto cha magazini ya Time.

Malamulo amene anatsatira

Lamulo la Securities Act la mu Meyi 1933 linakakamiza aliyense wogulitsa masheya kapena mabondi atsopano kuulula zoona zake zonse kwa ogula. Lamulo la mabanki la mu Juni 1933, lodziwika kuti Glass-Steagall, linalekanitsa banki yosunga ndalama za anthu ndi banki yochita malonda a masheya, ndipo linakhazikitsa bungwe la FDIC loteteza ndalama zosungitsa, poyamba mpaka madola 2,500 pa munthu. N'chifukwa cha lamuloli kuti ena a ku banki ya Morgan anapatuka n'kuyambitsa Morgan Stanley mu 1935. Lamulo la mu 1934 linakhazikitsa bungwe la SEC loyang'anira misika ya masheya.

Pecora anali mmodzi mwa makomishonala asanu oyamba a SEC, koma upampando unapita kwa Joseph P. Kennedy, amene iye mwini analemera pa msika womwewo (anali bambo a John F. Kennedy, amene anadzakhala pulezidenti). Pecora anakhalako miyezi yochepa chabe. Mu Januwale 1935 anakhala jaji wa New York Supreme Court. Dzinali limanyenga: ku New York, limeneli ndi khoti loyambira milandu ikuluikulu, ndipo lapamwamba kwenikweni ndi Court of Appeals. Anagwira ntchitoyi zaka 15.

Chisankho cha anthu atatu obadwira ku Italy

Mu 1950 meya wa New York, William O'Dwyer, anatula pansi udindo, ndipo Pecora anasiya ujaji kuti apikisane. Opikisana atatu akuluakulu onse anabadwira ku Italy: Pecora wa Democratic, Edward Corsi wa Republican, ndi Vincent Impellitteri, loya mnzake wobadwira ku Isnello ku Sicily komweko, amene anaima payekha chipani cha Democratic chitamukana. Zaka 59 zokha zinali zitadutsa chichitikire kuphedwa kwa anthu aja ku New Orleans. Impellitteri anauza ovota kuti Pecora ndi munthu wa Tammany Hall, gulu limene linkanenedwa kuti likugwirizana ndi zigawenga. Pecora anakana zimenezo, koma anagonja: Impellitteri anapeza mavoti oposa 1.1 miliyoni, iye oposa 900,000. Anabwerera ku uloya, ndipo anamwalira ku New York pa 7 Disembala 1971 ali ndi zaka 89.

Zimene akatswiri akukanganabe

Choyamba ndi kukula kwa gawo lake. Glass anali atayamba kale kulemba lamulo lake Pecora asanabwere, ndipo mabanki ankagwa ngakhale popanda kafukufuku. Ena amati malamulowa akanabwerabe. Ena amati popanda mkwiyo umene umboni wa Mitchell unadzutsa, eni mabanki akanawafooketsa m'makomiti monga ankachitira kale.

Chachiwiri ndi ngati chithunzi chimene anajambula chinali chokwanira. Mu 1994, akatswiri a zachuma Randall Kroszner ndi Raghuram Rajan anasanthula mabondi a m'zaka za m'ma 1920 n'kupeza kuti amene anagulitsidwa ndi makampani a mabanki sanali oipa kuposa enawo. Kodi National City inali chitsanzo cha onse, kapena Pecora anasankha nkhani zowawa kwambiri? Ndipo kodi n'chilungamo kuti munthu ataye mbiri yake pamaso pa komiti, khoti n'kudzamupeza wosalakwa?

Chachitatu chikukhudza masiku ano. Zigawo zikuluzikulu za Glass-Steagall zinachotsedwa mu 1999, patangopita chaka chimodzi Citicorp, mdzukulu wa National City Bank yomwe ija, itaphatikizana ndi Travelers, kampani ya inshuwaransi ndi malonda a masheya, kupanga Citigroup. Mu 2008 boma linaipulumutsa ndi madola 45 biliyoni. Ena amaona mzere wolunjika pakati pa zinthu ziwirizi. Ena amayankha kuti Lehman Brothers ndi Bear Stearns, amene anagwa chaka chomwecho, sanali mabanki osunga ndalama za anthu wamba, choncho lamulo lakalelo silikanawaletsa. Bungwe limene linakhazikitsidwa mu 2009 kufufuza vutoli, motsogozedwa ndi Phil Angelides, linatulutsa lipoti mu 2011 mamembala ake atagawanika potsata zipani.

Palinso funso la munthuyo. Kodi kukhala wobwera, wosaphunzira nawo sukulu za ana a eni mabanki ndiponso wosadya nawo m'makalabu awo, ndiko kunamupatsa ufulu wofunsa zimene maloya ena ankachita nazo manyazi? Kapena chinagwira ntchito ndi zaka 12 zija mu ofesi ya woimira boma, zimene loya aliyense wakhama akanatha kudutsamo? Ndipo ngati ubwera wake unamuthandiza pamaso pa Mitchell ndi Morgan, kodi unatenga gawo lanji pamene mipando imene ankaifuna, wa 1929 ndi wa 1934, inapita kwa ena?